Maluwa onunkhira a m'mitengo: mafunso ndi mayankho pa kasamalidwe ka orchid ku Phalombe

Anthu ambiri a ku Phalombe anawaonapo maluwa a orchid ngakhale sanawadziwe dzina. Amamera pa nthambi za misuku ndi miombo m'tsinde mwa phiri la Michesi, pa mikuyu ya m'mbali mwa mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, ndipo ena amaphukira m'madambo mvula ikagwa. Mayi wotola nkhuni akapeza nthambi youma itayangidwa ndi timizu toyera, amangotikanganula n'kutaya, poti timalemeretsa mtolo ndipo sitiyaka. Chotayidwacho nthawi zina chimakhala chomera chimene chatenga zaka zambiri kuti chikule, chomwe chikanamangiriridwa pa mtengo wa mango pakhomo chikananunkhiritsa bwalo lonse usiku wa m'dzinja. M'munsimu tayankha mafunso amene munthu wofuna kusunga maluwawa amakhala nawo.

Kodi orchid ndi chomera chotani, ndipo ndingachizindikire bwanji?

Orchid si duwa limodzi ayi. Ndi banja lalikulu la zomera, la mitundu yoposa 25,000 padziko lonse. M'Malawi muno muli mitundu yoposa 400, ndipo ku mapiri a Nyika kokha kuli yoposa 200. Banjali lili pawiri. Ena amamera m'dothi, ali ndi timbatata pansi, amaphukira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Ena amamera pa mitengo ndi pa miyala. Ndi awa amene tikambe za iwo kwambiri, chifukwa onunkhira bwino ambiri ali m'gulu limeneli, komanso ndiwo amalola kusungidwa pakhomo.

Poyamba yang'anani mizu. Imakhala yonenepa, yotuwa ikauma, koma mukangoithira madzi imasanduka yobiriwira, ndipo nsonga ya muzu umene ukukula imanyezimira. Kutuwako ndi khungu lofewa lokuta muzu, lomwe limamwa mame, nkhungu ndi mvula mofulumira. Kenako yang'anani duwa. Lili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi mwa izo, kawirikawiri cha m'munsi, chimasiyana ndi zinzake kukula kapena mtundu.

Maluwa athuwa anafufuzidwa ndithu. Brian Morris, amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, anatulutsa buku la ma orchid a m'mitengo a ku Malawi mu 1970, ndipo mu 1991 banja la a La Croix linatulutsa buku lalikulu la ma orchid a dziko lino, a m'mitengo ndi a m'dothi omwe. Pali mitundu ina, monga Aerangis distincta, imene imadziwika kuti imamera ku Malawi kokha.

Nanga siyamwa mtengo? Ndikamangirira pa mango wanga, sadzauma?

Sadzauma. Zoyamwa mitengo ndi zomera zija zimabala tizipatso tomata timene anyamata amapangira ulimbo; zimenezo mizu yake imalowa m'kati mwa nthambi n'kumaba madzi. Orchid ali ngati mlendo wogona pakhonde atabwera ndi kamba wake: chimene akufuna kwa mtengo ndi pokhala basi. Chakudya amadzipangira yekha ndi masamba ake, madzi amatapa mumpweya ndi m'mvula, ndipo mchere wom'thandiza kukula amaupeza m'masamba owola ndi ndowe za mbalame zotsetsereka pa khungwa. Kanganulani muzu umodzi muone: wangomata pamwamba, sunaboole paliponse.

Ndi mitundu iti yonunkhira imene ingapirire kutentha kwa kuno?

Funso lofunika kuposa onse ndi limeneli, chifukwa ambiri amalakwira pomwepa. Phalombe ali kumpoto kwa phiri la Mulanje. Mphepo ya chiperoni yochokera ku Mozambique imatula chinyezi chake chambiri mbali ya kumwera, kuja kuli minda ya tiyi, ndipo ikamafika kuno imakhala itauma. N'chifukwa chake chigwa chathu, kuyambira ku Migowi kutsetsereka mpaka ku nyanja ya Chilwa, n'chotentha ndi chouma kusiyana ndi ku Mulanje boma. Orchid amene anazolowera nkhungu ya pamwamba pa phiri, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, akatsitsidwa kuno amafota ndi kutentha kwa Okutobala ngakhale mumuthirire bwanji. Sankhani wa m'nkhalango zotentha za m'munsi.

Woyamba, ndipo kwa woyamba kumene ine ndinganene kuti palibe wom'posa, ndi Ansellia africana. Ali ndi mapesi aatali onenepa okhala ndi mfundo, amene amasunga madzi, ndipo maluwa ake ndi achikasu a mawanga oderako ngati a kambuku. Amamasula m'nyengo yopanda mvula, maluwa ambirimbiri pa phesi limodzi, ndipo amakhalitsa masabata angapo. Fungo lake ndi lofatsa, lomveka masana. Ali ndi khalidwe lina losangalatsa: kuwonjezera pa mizu yogwira mtengo, amatulutsa timizu tina toonda toloza kumwamba, timene timakola masamba ogwa n'kuwasunga mpaka awole, n'kukhala manyowa ake. Dzuwa amalipirira, ludzu amalipirira.

Ofuna fungo lenileni ayang'ane gulu la Aerangis. Maluwa ake ndi oyera, ooneka ngati nyenyezi, ndipo lililonse lili ndi kamchira kaatali kolendewera, kobooka m'kati. Aerangis verdickii ali ndi masamba okhuthala otuwirako, amamera m'nkhalango za miombo ndipo anazolowera chilimwe chachitali. Aerangis kotschyana amakonda malo otentha a m'munsi, ndipo kamchira kake kamapotana, kamatha kupitirira masentimita 20. Masana simumva kanthu, koma dzuwa likangolowa fungo limayamba kutuluka.

Palinso Cyrtorchis arcuata, wolimba bwino, wa maluwa oyera okhuthala onunkhira kwambiri madzulo, amene amasanduka achikasu akamakalamba kapena akalandira mungu. Ndipo Acampe, wa masamba olimba ndi timaluwa ting'onoting'ono tothithikana, amanunkhira ndipo kutentha sakuopa.

Za maluwa okongola aja amagulitsidwa m'mapoto m'masitolo akuluakulu a m'tauni, amene ambiri ndi a mtundu wa Phalaenopsis wochokera ku Asia, dziwani kuti ochuluka mwa iwo alibe fungo. Amene anawakweranitsa ankafuna kukula kwa duwa ndi kuwala kwa mtundu, osati kununkhira. Ngati mukugula chifukwa cha fungo, nunkhizani musanapereke ndalama, ndipo funsani nthawi imene duwalo limanunkhira.

Chifukwa chiyani ena amanunkhira usiku wokha?

Chifukwa fungolo silinapangidwire ife. Duwa limanunkhira pofuna kuitana kachilombo koti kanyamule mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake. Aerangis ndi Cyrtorchis amadalira agulugufe akuluakulu a usiku, aja amauluka mothamanga n'kumaima m'malere patsogolo pa duwa. Mumdima mtundu wofiira kapena wachikasu suoneka, koma woyera umaoneka, ndipo fungo limafika patali. Timadzi totsekemera timakhala pansi penipeni pa kamchira kaja, motero gulugufe wa lilime lalitali yekha ndiye angatifike, ndipo pomwa amagunditsa mutu kapena tsinde la lilime lake pamene pali mungu. Kutulutsa fungo kumadya mphamvu za chomera, choncho sichiliwononga masana pamene mlendo wake ali mtulo.

Nkhani yotchuka pa zimenezi ndi ya Charles Darwin. Mu 1862 anapatsidwa duwa la ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, lomwe kamchira kake kamafika pafupifupi masentimita 30. Iye ananena kuti pachilumbapo payenera kukhala gulugufe wa lilime lotalika chomwecho. Mu 1903, iye atamwalira kale, gulugufeyo anapezekadi. Aerangis wa pa mtengo wanu ndi m'bale wa duwa limenelo. Phunziro lake pakhomo n'lakuti muike orchid wonunkhira usiku pafupi ndi pamene mumakhala madzulo, pakhonde kapena pafupi ndi zenera la kuchipinda, ndipo musapopere mankhwala ophera tizilombo pa maluwa ake.

Ndingawapeze kuti? Kodi sindingangokwera phiri n'kukathyola?

Chonde musatero. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo Michesi nayenso ndi nkhalango yotetezedwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, sililola kutenga zomera m'nkhalango zotere popanda chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango. Kutumiza orchid kunja kwa dziko nakonso kumafuna zikalata, chifukwa banja lonseli lili pansi pa pangano la mayiko la CITES. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo ulemu umenewo ukutipatsanso udindo.

Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, kuthyola kukanakhalabe kulakwa. Orchid amakula pang'onopang'ono. Tsinde lalikulu la Ansellia limene munthu angalikanganule m'kanthawi kochepa linatenga zaka zambiri, ndipo chomerachi chili kale pa mndandanda wa zomera zimene zili pachiopsezo chifukwa chozulidwa ndi ofuna maluwa komanso ofuna mankhwala azitsamba. Ndipo ambiri ochotsedwa m'phiri amakafera pakhomo.

Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa za phiri ndi munthu wakunja. Tikukumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasakaza madera monga Nkhulambe. Mvula yamphamvu chotero ikhoza kugumula phiri ngakhale lili ndi mitengo, koma phiri lometedwa limagumuka msanga ndipo madzi ake amatsika mwaukali. Nkhwangwa imene ikutha mkungudza pamwamba ndi ng'anjo za makala zimene zikutha miombo m'munsi ndi zomwezo zikutha ma orchid, pakuti mtengo ukagwa, onse okhala pa nthambi zake agwa nawo. Munthu wokonda maluwawa sangakhale mbali ya owononga.

Njira zabwino zilipo. Yoyamba ndiyo kupulumutsa: mphepo ikagwetsa nthambi m'munda mwanu, kapena mtengo ukamadulidwa pamudzi kunja kwa nkhalango yotetezedwa, pemphani mwini wake mutenge ma orchid amene ali pamenepo, omwe akanauma kapena kupsa. Ngati n'kotheka dulani chidutswa cha nthambiyo pamodzi ndi chomeracho, mizu isasokonezeke. Yachiwiri ndiyo kugawana ndi mnzanu amene ali ndi tsinde lalikulu. Yachitatu ndiyo kugula kwa wogulitsa mbande amene angakuonetseni kuti amachulukitsa yekha. Wina akakubweretserani thumba lodzaza ma orchid a mizu yothothoka, dziwani kuti achokera kuphiri, ndipo kugula kwanu ndi kumene kum'bwezere komweko mawa.

Ndibzale m'dothi lotani?

Musabzale m'dothi ayi. Orchid wa m'mitengo akakwiriridwa m'dothi, ngakhale la chonde chotani, mizu yake imabanika n'kuwola. Imafuna mpweya, imafuna kunyowa kenako n'kuuma.

Njira yophweka ndiyo kumumangirira pa mtengo wamoyo wa khungwa lokhakhala losasendeka, monga mango, msuku kapena mkuyu. Bulugamu sayenera, chifukwa amafundula khungwa ndipo mizu imagwa nalo limodzi. Sankhani mphanda kapena nthambi imene imalandira dzuwa la m'mawa n'kukhala pamthunzi masana. Gonekani mizu pa khungwa, mumange ndi luzi kapena kansalu kong'amba ku chitenje chakale, molimba kuti chomera chisagwedezeke ndi mphepo, chifukwa nsonga ya muzu ikamakhuzika siimata. Waya wa kopa musagwiritse ntchito, amawononga mizu. Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa dzinja, mu Novembala kapena Disembala, pamene mizu yatsopano ikuyamba. Ikagwira, luzi lija limawola lokha.

Ngati mulibe mtengo woyenera, mangirirani pa chidutswa cha mtengo wolimba wosapakidwa mankhwala kapena oyilo, muchipachike pakhonde. Aerangis mumuike mopendekera, masamba ataloza kunja ndi pansi pang'ono, kuti madzi asaime pakati pamene pamatuluka tsamba latsopano. Ansellia amachita bwinonso mu mphika wadothi wobooledwa pansi ndi m'mbali, wodzazidwa ndi zidutswa za njerwa zowotcha, makungwa ouma ndi timakala totsala pa mbaula, totsukidwa phulusa. Zonsezi zikhale zazikuluzikulu, zoti madzi mukathira angodutsa. Utuchi, madeya ndi zitsononkho zimawola msanga ndipo zimaitana chiswe.

Nanga kuthirira?

Yang'anani mizu, osati kalendala. Ikatuwa n'kuuma, thirirani mpaka ibiriwire. Ikakhala idakali yobiriwira, dikirani. M'dzinja, orchid wa pa mtengo safuna thandizo lanu pokhapokha kukachita ng'amba. Mu Juni ndi Julayi, kukamazizira, amapuma, ndipo kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Nthawi yoopsa ndi Sepitembala mpaka mvula itayamba: apo wa pa chidutswa cha mtengo amafuna madzi m'mawa uliwonse, makamaka m'chaka chake choyamba pakhomo. Thirirani m'mawa kuti pofika usiku masamba akhale atauma.

Za mtundu wa madzi tisazipeputse. Mijigo ina ya m'chigwa cha Chilwa imatulutsa madzi a mchere, ndipo mizu ya orchid simvana ndi mchere. Mukaona zoyera zitauma pa mphika kapena nsonga za mizu zikuda, vuto ndi limenelo. Madzi abwino ndi a mvula, otchingira pa malata n'kusunga mu diramu yovindikira kuti udzudzu usaswane. Orchid samwa madzi ambiri. Diramu imodzi imasunga zomera zingapo kwa nthawi yaitali. Madzi otsukira mbale kapena ochapira zovala asafike pa mizu.

Kodi feteleza wa chimanga angathandize?

Angaphe. Timibulu ta yuleya kapena NPK tikakhudza muzu wa orchid timauwotcha. Ngati muli ndi feteleza wosungunula m'madzi, thirani gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wolembedwa pa paketi, kamodzi pa masabata awiri, m'nyengo yokhayo imene chomera chikutulutsa mizu ndi masamba, ndipo muyambe mwanyowetsa mizu ndi madzi wamba. Ngati mulibe, viikani m'madzi ndowe ya ng'ombe youma bwino, yakalekale, musefe, musungunule mpaka madziwo angotsala ndi kamtundu pang'ono. Wa pa mtengo wamoyo akhoza kukhala bwino popanda chilichonse cha izi.

Ndingamuike m'nyumba, pabalaza?

Kwa masiku ochepa pamene wamasula, inde. Kukhalitsa ayi. M'nyumba zathu zambiri mumakhala mdima, mphepo siyenda, ndipo pansi pa malata opanda siling'i mu Okutobala mumatentha koopsa. Utsi wa kukhitchini nawo umagwetsa maluwa. Pakhonde loyang'ana kum'mawa kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wopyapyala ndiye pabwino.

Masamba ndiwo angakuuzeni ngati kuwala kwakwana. Akabiriwira moderako kwambiri n'kumafewa, mthunzi wachuluka. Akachita zigamba zoyera kapena zakuda zouma, apsa ndi dzuwa. Ansellia amafuna kuwala kwambiri, masamba ake azioneka obiriwira mopita ku chikasu. Aerangis kotschyana amafuna mthunzi wochulukirapo.

Ndi adani ati amene ndiyenera kuchenjera nawo?

Kumudzi mdani woyamba ndi mbuzi, wachiwiri nkhuku zimene zimajompha nsonga za mizu. Pachikani pamwamba. Nkhono zimadya mizu ndi maluwa usiku wa m'dzinja. Zitoleni ndi tochi. Chiswe chimadya chidutswa cha mtengo chimene mwamangirirapo ngati chakhudza pansi kapena khoma. Palinso tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi tija timagwira chinangwa, ndi tina tomata pa tsamba tokhala ndi kachigoba. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, funafunani pansi pa masamba. Pukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo pang'ono, kenako mutsuke ndi madzi oyera. Tsamba likayamba kuwola n'kuda, dulani ndi lezala latsopano mpaka pabwinobwino, pabalapo mupake makala osinja, musiye kuthirira masiku angapo.

Wanga ali moyo koma zaka zikupita osamasula. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi mthunzi wochuluka. Musunthireni powala pang'onopang'ono, osati kuchoka mumdima n'kumuika padzuwa tsiku limodzi. Chifukwa china ndi kuthirira mofanana chaka chonse. Ma orchid a m'nkhalango zathu anazolowera nyengo ziwiri, ya mvula ndi yopuma, ndipo ambiri amafuna kuuma ndi kuzizira kwa pakati pa chaka kuti akonzekere maluwa. Mwinanso ndi wamng'ono chabe, kapena mumamusuntha kawirikawiri. Orchid akachotsedwa pamene anali, amayamba wamanga mizu, ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri zikhoza kudutsa asanamasule. Ambiri amamasula kamodzi pa chaka, ndiye musayembekezere maluwa mwezi uliwonse. Ngati nsonga za mizu zili zobiriwira ndipo tsamba latsopano likutuluka, zinthu zili bwino.

Ndingafese njere zake kuti ndichulukitse?

Pakhomo n'kovuta. Njere za orchid ndi fumbi lenileni, zikwizikwi m'chibalobalo chimodzi, ndipo zilibe chakudya chosungira m'kati monga mmene ilili njere ya nyemba. Kuti imere, iyenera kugwera pamene pali timizu ta bowa wina wosaoneka ndi maso, amene amaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. N'chifukwa chake mwa njere zochuluka chotero zomera ndi zochepa kwambiri. Mu 1922 katswiri wa ku America, Lewis Knudson, anaonetsa kuti njerezi zikhoza kumera m'mabotolo pa chakudya chokhala ndi shuga popanda bowayo, ndipo ndi njira imene alimi akuluakulu a maluwa amatsata lero, koma imafuna labotale yaukhondo. Chimene mungachite ndi kusiya chibalobalo chikhwimire pa mtengo n'kusweka chokha. Pa mtengo pamene pali kale orchid wamkulu, nthawi zina timbande timadzimerera pa khungwa.

Njira yodalirika ndi kugawa. Ansellia akakula, dulani tsinde ndi mpeni wowotcha pamoto, gawo lililonse likhale ndi mapesi atatu kapena anayi pamodzi ndi mphukira yatsopano. Mapesi akale opanda masamba musawataye, ndiwo nkhokwe ya madzi ndi chakudya. Cyrtorchis ndi Acampe akatulutsa mphukira m'mbali, dikirani ikhale ndi mizu yakeyake musanaichotse. Aerangis nthawi zambiri amakhala tsinde limodzi ndipo sagawika. N'chifukwa chake kumuchotsa kutchire n'kutaya kwakukulu.

Ndinamva kuti chikanda chimapangidwa ndi orchid. N'zoona?

N'zoona. Chikanda cha ku Zambia, chomwe kumpoto kwa Malawi amati chinaka, chimapangidwa ndi timbatata ta ma orchid a m'dothi, makamaka a magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria, tosinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo kapena soda. Kale chinali chakudya cha kumudzi, koma chitalowa m'misika ya ku Lusaka ndi m'mizinda ina, okumba anafika mpaka ku Tanzania ndi ku Nyika. Kukumba kambatata n'kupha chomera chonse. Dziko la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo mu 2005, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuteteza maluwa amenewa. Ma orchid a m'dothi a mtundu umenewu amadalira kwambiri bowa wa m'nthaka ya kwawo, motero akazulidwa n'kubzalidwa pakhomo kawirikawiri saphukanso chaka chotsatira. Asiyeni m'dambo, ndipo dambolo musaliwotche kapena kulilima lonse.

Kodi palibe orchid wonunkhira amene angabweretse ndalama?

Alipo, ndi vanila, amene fungo lake timalimva mu keke ndi mu ayisikilimu. Vanilla planifolia ndi orchid woyanga wochokera ku Mexico. Kunja kwa kwawo kunali kovuta kuti abale, chifukwa kunalibe tizilombo tonyamula mungu wake, mpaka mu 1841 pamene Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, anapeza njira yophweka yokhudzitsa mungu ndi kamtengo kakang'ono ndi chala. Njira yakeyo ikugwirabe ntchito ku Madagascar, dziko limene limalima vanila wochuluka kuposa onse, komanso ku Uganda.

Koma musathamangire kugula mbewu. Vanila amafuna mthunzi, chinyezi ndi mtengo woyangapo. Amatenga zaka pafupifupi zitatu kuti ayambe maluwa. Duwa lililonse limakhala tsiku limodzi lokha ndipo liyenera kupatsidwa mungu ndi dzanja m'mawa womwewo. Zibalobalo zimakhwima patatha miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi, ndipo zikathyoledwa sizinunkhira mpaka zitafutsidwa ndi kuyanikidwa kwa miyezi ina ingapo. Mitengo yake pa msika wa dziko lonse imakwera ndi kutsika modzidzimutsa. M'chigwa chouma cha Phalombe ine sindingalangize munthu kuikapo ndalama zake. Amene ali m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wosaphwa, akhoza kuyesa mipesa iwiri kapena itatu pansi pa mitengo, aone mmene ichitire m'chilimwe asanaganize za munda.

Ndapeza orchid pa nthambi yogwa koma sindikudziwa mtundu wake. Ndifunse kuti?

Mumangirireni kaye pa mtengo, pa mthunzi wofanana ndi pamene munam'peza, ndipo mukumbukire mtundu wa mtengo umene anamerapo. Dikirani amasule, chifukwa popanda duwa ngakhale katswiri amavutika kutchula dzina. Akamasula, jambulani ndi foni duwa chapafupi, kamchira kake, masamba ndi chomera chonse. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, kumene amasunga zitsanzo za zomera za dziko lino, ndipo ku Mulanje kuli bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lomwe limagwira ntchito yoteteza phirili. Za chilolezo ndi malire a nkhalango funsani ku ofesi ya zankhalango ya boma la Phalombe. Ndipo ngati pakhomo panu palibe mtengo woti mumangirirepo, dzinja likubwerali bzalani msuku, mkuyu kapena mango, muutchingire mbuzi.